Birika Yanga pa Msomali wa Mpongozi

Ndili ndi mseru wapafupi, ndipo zimenezo sindibisa. Munthu ukandipatsa madzi m'kapu yoterera mafuta m'mphepete, ndikubwezera pomwepo, kaya ndiwe mlendo kaya ndiwe m'bale. Anzanga amene timagulitsa nawo nsomba zouma pamsika wa Liwonde amati Abiti Yunusu ndi wodzimva. Ine ndimati anene, m'mimba ndi mwanga.

Ndiye mwana wanga Akimu, amene amakonza njinga za akabaza ku Balaka, anakanditolera mkazi wa ku Ntcheu. Dzina lake Skolastika, telala, wokulira kwa masisitere. Pa nikaha, ukwati wa Chisilamu, anavomera chipembedzo chathu, koma ine mtima wanga sunamuvomere. Ndinkangoti "mkazi wa Akimu", ndipo akakhala pafupi ndinkatembenukira ku Chiyao kuti asamve. Chakudya chake ndiye sindinalawepo. Mumtima ndinkati manja amene anakula akutsuka mapoto ophikira nkhumba palibe sopo amene angawayeretse. Ndikunena mmene ndinkaganizira nthawi imeneyo, musandiyang'ane choncho.

Kunyumba kwawo ndinali nditapitako kamodzi kokha, atabadwa mdzukulu wanga Nafisa. Ndinanyamula zanga zonse, kapu, mkeka woswalira, ndi birika. Kwa inu amene simuidziwa, birika ndi kaketulo kapulasitiki kamene ife timatengera madzi popita kuchimbudzi, okadzisambitsira tikamaliza. Siilowa m'nyumba, ndipo siiyandikira mbale. Yanga inali yobiriwira ya mizere yachikasu, ndipo pachogwirira ndinaotchapo timadontho titatu ndi msomali wamoto kuti isamasokonekere ndi za anthu kumzikiti. Tsiku limenelo atandibweretsera mbale ndinati ndili pa swaumu, ndikusala kudya, lomwe linali bodza lamkunkhuniza. Madzulo ndinatuluka mwaliwiro kuthamangira minibasi, n'kuiwala birika pakhonde pamene ndinaiyanika. Nditafika ku Liwonde ndinagula ina, nkhani yake n'kuiiwala.

Patapita miyezi isanu ndi iwiri Akimu anabwera pamsika, n'kukhala pa chidengu changa cha matemba ngati ndi mpando.

"Amayi, Loweruka mubwere mudzadye kunyumba kwanga," anatero. "Mkazi wanga walira chaka chathunthu. Mukadzakananso mbale yake sindidzakukakamizani, koma za Nafisa muzidzangomva kwa anthu. Sindingalere mwana pakati pa mayi ake ndi agogo ake osadyerana."

Analankhula motsitsa mawu. Akimu anatengera malemu bambo ake, akakuwa umadziwa kuti mawa aiwala, koma akatsitsa mawu ndiye kuti zatha. Nafisa ndi mdzukulu wanga yekhayo, ndipo ndinali nditamunyamulapo tsiku limodzi lokha. Ndinamuuza kuti ndibwera, ndidzadya, koma achoke pamatemba anga.

Loweruka ndinakwera minibasi. Dzuwa la Okutobala, anthu thothotho, ndipo bambo amene ndinakhala naye pafupi ankadya dzira lophika akupukutira zala pampando. Pamene ndinkatsika ku Balaka mtima unali utayamba kale kutembenuka. Wakabaza anandisiya pa nyumba za mdadada, mabanja asanu ndi limodzi, chimbudzi chimodzi, mpopi umodzi. Madzi otsukira mbale a nyumba zonsezo ankayenda mu kangalande kakuda pakati pa bwalo, abakha akusamba momwemo. Ndinakwezera chitenje m'mwamba n'kudumpha.

Skolastika anandilandira atagwada, mwana ali kumbuyo.

"Mwayenda bwanji amayi? Bambo a Nafisa akadali kuntchito, abwera ikakwana thwelofu."

Ndinayankha ndi mutu, n'kutambasula manja kuti andipatse mwana. Nafisa anali atanenepa, masaya akuwala, mano awiri akutuluka. Anandigwira mphuno, n'kuseka. Apo ndiye ndinadziuza kuti lero ngakhale andiphikire thope ndimeza.

Komabe munthu sungameze chinthu usanaone kumene chachokera. Ndinati ndikufuna kuona kumene amaphikira. Cholinga changa mukuchidziwa kale, ndinkafuna kununkhiza.

Ananditengera kuseri kwa nyumba n'kutsegula kachitseko ka malata. Ndinatsala pang'ono kuseka. Eninyumba anamanga kachipindako kuti kakhale bafa, kenaka anasintha maganizo n'kukatcha khitchini. Ukatambasula manja umagwira makoma onse awiri. Munthu wa thupi langa akalowamo ayenera kutuluka chafutambuyo, chifukwa potembenukira palibe.

"Ndi kakang'ono amayi, koma ndinakakonza kuti zonse zikwane," anatero, ndipo anayamba kundionetsa ine nditaima pakhomo.

Pansi panalibe kanthu kupatula mbaula ndi ndowa ya ufa, ndipo ndowayo inali ndi chivundikiro chathabwa kuti izikhalanso mpando. Zina zonse zinali m'mwamba. Padenga anapachika limu yakale ya njinga imene Akimu anataya, masipoko ake atapindidwa ngati mbedza, ndipo pambedza iliyonse pankalendewera kapu, sefa, mthiko kapena chipande. Akafuna chinthu ankangoizunguza limuyo, chinthucho n'kubwera chokha m'manja. Kukhoma lakumanja anakhomerako zigubu zodula pakati, china cha anyezi, china cha tomato, china cha mbatata. Mapoto anawalowetsana, laling'ono m'lalikulu, zivundikiro zake zitafola kuseri kwa waya amene anamukoka kuchokera pa msomali kufika pa msomali. Kuseri kwa chitseko anasokerako nsalu ya matumbamatumba, thumba la mchere, la soda, la machesi, la mipeni. Ngakhale thabwa lodulirapo ndiwo linali lomangirira kukhoma ndi mphira wa chubu, akamaliza n'kulipinda kuti ligone chilili.

Ndinalowetsa mutu n'kununkhiza. Fungo la anyezi ndi makala basi. Ndinadutsitsa chala pamwamba pa mapoto, fumbi palibe. Ndinagwedeza chigubu cha mbatata kuti mphemvu zituluke, sizinatuluke. Ndinasuzumira ndi m'matumba a nsalu aja, kufuna ngakhale kanyenyeswa ka chinthu chosayenera. Kunena zoona zinandipweteka kuti palibe chimene ndapeza. Khitchini yanga ya ku Liwonde ndi yaikulu kanayi, koma ndikafuna sefa ndimayamba ndatukwana kaye.

"Zilipo bwino," ndinatero, mawu akutuluka ngati ndikuwakoka ndi chingwe. Amenewo anali mawu oyamba okoma a Chichewa amene ndinamuuzapo mwachindunji. Nkhope yake inawala mpaka ndinayang'ana kumbali.

"Chimene chinkandivuta kwambiri ndi mafuta," anapitiriza, akuika chiwaya pambaula. "Chigubu cha malita asanu chinkadya malo pansi apa. Ndikasuntha ndachiponda, ndikachiika panja makoswe aboola chitsekerero. Koma pano zinatheka."

Anatambasula dzanja kumsomali wapamwamba penipeni, pamwamba pa mbaula. Pamenepo pankalendewera chinthu chovekedwa kansalu koyera ka zingwe zoluka m'mphepete, kosokedwa bwino ngati kadiresi ka mwana. Anakweza kansaluko, n'kupendeketsa chinthucho osachichotsa pamsomali, mafuta n'kutsika pakamlomo kake molunjika m'chiwaya, osadontha pambali ngakhale dontho.

Yobiriwira. Mizere yachikasu. Ndinayang'ana pachogwirira, timadontho titatu tili pomwepo.

Skolastika anandiyang'ana akumwetulira, ngati akudikira kuti ndinene kanthu. Ine malovu anadzaza m'kamwa. Ndinamupatsa mwana, n'kunena kuti utsi ukundilowa m'maso, ndipo ndinapita kukaima pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa bwalo.

Inu simukudziwa kumene birika imeneyo inafika. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinayenda nayo. Inalowa m'chimbudzi cha kumsika wa Liwonde, chimene umalowa utagwira mpweya n'kutuluka maso ali psuu. Inakhalapo pansi pa zimbudzi za pamaliro ndi za paukwati, pamatabwa onyowa oti sudziwa chawanyowetsa n'chiyani. Chaka chimene ndinatsegula m'mimba sabata yathunthu nditadya nyama ya pa chikondwerero cha Idi, inali nane usana ndi usiku. Ndipo dzanja limene limaigwira ukamaliza ndi lomwelo limene lagwira ntchito. Lero ili pamsomali wapamwamba, yavala zoluka, ikuthira mafuta m'chiwaya cha chakudya changa. Ndinalavula mpaka kukhosi kunauma, bakha wina n'kubwera kudzaona chimene ndataya.

Ndinayamba kudzinyengerera. Ndinati chinthu chikatsukidwa bwino ndi madzi chayera, ashehe amatero, ndipo papita miyezi isanu ndi iwiri. Mutu unamva, koma m'mimba munakana. Ndinaganiza zouza Akimu pambali, koma ndinadziwa chimene adzanene. Adzati amayi mwabwera ndi chifukwa china, ulendo watha inali swaumu, lero ndi mafuta. Ndiye ndinapukuta pakamwa ndi nsonga ya mpango, n'kudziuza kuti nditseka maso, ndimeza kawiri katatu, nkhani ithe. Kumbuyo kwanga chiwaya chinkalira, fungo la nsomba yokazinga likunditsatira mpaka pamtengopo.

Akimu anafika pa njinga yake, manja ali bii ndi girisi. Anasamba pampopi, anandipatsa moni, n'kuyala mkeka pakhonde. Skolastika anabweretsa madzi osamba m'manja, kenaka mbale. Mpunga woyera, chambo chokazinga, bonongwe wothira tomato, ndi mbale ya zitumbuwa zimene anati wazikonzera ine chifukwa anamva kuti ndimazikonda. Chilichonse chinkanyezimira. Ngakhale pampunga anadonthezerapo mafuta kuti usamatane. Iye anakhala chapatali pang'ono, mwana ali pamiyendo, maso ali pa dzanja langa.

"Bisimillah, amayi," anatero Akimu.

Ndinatapa mpunga. Ndinaumbaumba, ndinaumbanso, mafuta akuterera m'zala. Ndinaufikitsa pamlomo. Pomwepo ndinaona thabwa lonyowa la chimbudzi cha kumsika, ntchentche zobiriwira zili pamenepo. Ndinabweza dzanja. Ndinayesanso ndi kachidutswa ka nsomba, mimba n'kudumpha mpaka ndinagwira pakamwa.

Akimu anasiya kutafuna. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anapukuta zala.

"Chabwino amayi. Ndinakuuzani."

"Iyayi, si choncho."

"Nanga ndi chiyani? Lero mulinso pa swaumu?"

Apo mkwiyo unandikwera. Ine ndikulimbana ndi mimba yanga chifukwa cha iyeyo, iye akundinena ngati mwana. Ndinaiwala zonse zimene ndinadzilonjeza pansi pa mango.

"Dzuka ukaone mmene mkazi wako amasungamo mafuta," ndinatero. "Pita. Msomali wapamwamba, ukweze kansaluko. Miyezi yonseyi ukudya chiyani m'nyumba muno, mwana wa Chisilamu iwe?"

Ananyamuka mokwiya. Khitchini imeneyo iye sankalowamo, mwamuna wa mapewa ake sangakwanemo n'komwe, ndipo kuchimbudzi ankapita ndi botolo wamba. Tinamva kachitseko ka malata kakulira. Atabwerera nkhope inali itagwa, ndipo analavulira kumbali asanakhale pansi.

"Astaghafirullah, Mulungu atikhululukire," anatero chapansipansi.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa Skolastika. "Mafuta awonongeka?"

Akimu anagwada pafupi naye n'kumufotokozera motsitsa mawu ntchito ya birika. Sindinamve zonse, koma ndinaona nkhope ya mtsikanayo ikusintha. Poyamba anaseka pang'ono, kuyesa ndi nthabwala. Kenaka anayang'ana mbale, anayang'ana mwana amene anali pamiyendo pake.

"M'phala la Nafisa ndimathiramo supuni imodzi m'mawa uliwonse," anatero. "Anatiuza kusikelo."

Ine ndinali wokonzeka kuti ndimuthire mawu, ndinali nawo ambiri, ena a Chichewa ena a Chiyao. Ndinkafuna kumufunsa ngati ku Ntcheu anthu amangotola chilichonse chimene apeza pakhomo n'kuikamo chakudya. Koma anayamba ndi iye, ndipo sanakweze mawu.

"Amayi, m'sitolo zimenezi amazipachika pamodzi ndi makapu ndi mabeseni. Ine ndinkadziwa kuti ndi ketulo. Ndinaipeza pakhonde mutapita, ili yotsukatsuka, yoimikidwa bwino pafupi ndi chitseko. Chikwatiwire ndinali ndisanalandirepo kanthu kuchokera kwa inu, ngakhale moni weniweni. Ndiye ndinati amayi zolankhula nane zimawavuta, koma andisiyira mphatso. Ndinaitsuka ndi madzi otentha katatu. Pamsomali umenewo pankakhala chipande cha malemu mayi anga, ndinachichotsa n'kuchiika palimu pamodzi ndi zinzake. Lero ndimati mukaiona mudziwa kuti ndinaisamala."

Atatero anapatsira Akimu mwana, n'kuthamangira kuseri kwa nyumba. Tinamumva akusanza, kusanza kwenikweni kochokera pansi pamimba, mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pawindo.

Ndinakhala pamkekapo dzanja lili ndi mpunga. Mseru unalipobe, koma tsopano sunali wa mafuta okha. Ndinanyansidwa ndi ine mwini. Chaka chathunthu mtsikanayo ankadikira kanthu kochokera kwa apongozi ake, ndipo chimene anapeza ndi chiwiya changa cha kuchimbudzi, chimenenso sindinamupatse, ndinangochiiwala. Akanakhala munthu amene ndimalankhula naye, akanatenga foni tsiku lomwelo n'kundifunsa kuti amayi mwasiya ketulo yanu, ine n'kumuuza kuti iwe usayerekeze. Sanafunse chifukwa ankandiopa. Ndinamva manyazi oti sindinawamvepo chibadwire, ndipo ndinalibe woti ndimukalipire.

Akimu anaimirira, mwana ali paphewa, n'kutulutsa kiyi wa loko ya njinga.

"Sambani m'manja amayi, ndikakusiyeni pasiteji," anatero. "Nthawi ino chifukwa chanu n'chomveka, sindikutsutsa. Koma mmene zafikiramu iye sangakuyang'aneninso kumaso, ndipo inu simungadyenso za m'manja mwake. Basi, zakanika."

Mawu aja anali otsitsa. Nafisa ankayamwa kolala ya malaya a bambo ake, akundiyang'ana ndi diso limodzi.

Skolastika anabwerera atasamba kumaso, maso ali ofiira. Sanayang'ane aliyense. Anagwada n'kuyamba kusonkhanitsa chakudya, mpunga anaukhuthulira m'beseni, nsomba pamwamba pake, bonongwe pamwamba pa nsomba.

"Ndikataya kudzala," anatero. "Musade nkhawa amayi, sindidzakuphikiraninso."

Anatambasula dzanja kuti atenge mbale ya zitumbuwa. Ine ndinaigwira mbali inayo. Anakoka pang'ono, ine osasiya.

"Amayi, musatero. Ndi zonyansa."

"Ndikudziwa kuposa iwe," ndinamuyankha. "Siya mbaleyo."

Ndinasankha chitumbuwa chaching'ono, koma nachonso chinali chonona, mafuta akuonekera pazala. Ndinati Bisimillah, ndipo sindinanenepo mawu amenewo mochonderera ngati tsiku limenelo. Ndinaluma. Nthochi yake inali yakupsa bwino, mchere wokwanira, kunja kokhukhuta mkati mofewa, ndipo kukoma kwakeko ndi kumene kunandinyansa kwambiri. Kukhosi kunatseka. Mimba inakankha, ine n'kukankhanso. Thukuta linatsika m'khosi mpaka kumsana. Ndinatseka maso, zimbudzi zonse za ku Liwonde n'kubwera pamaso panga chimodzichimodzi, ndiye ndinawatsegula n'kuyang'ana mtsikanayo, amene anali chigwadire, dzanja lili pakamwa. Ndinameza. Chinaima pachifuwa nthawi yaitali, chikuganiza zobwerera, kenaka chinatsika.

"Madzi," ndinatero.

Anathamanga kukatenga. Ndinamwa m'kapu yake, yanga ili m'chikwama. Akimu anali chiimire ndi kiyi m'manja.

"Ukuyang'ana chiyani?" ndinamufunsa. "Khala pansi, undipatse mwanayo. Sindinamalize kudya."

Anakhala pansi. Ndinalandira Nafisa ndi dzanja lamanzere n'kumukhazika pamwendo, ndipo ndi lamanja ndinatenga chitumbuwa chachiwiri, misozi ikutsika, kukhosi kukukanabe.